Chinjoka Kunsi kwa Phazi

Musanapitirire kuwerenga nkhani ino, vulani nsapato imene mwavalayo ndipo muyang'ane kansalu kamene kali kuseri kwa lilime lake. Ngati ndi imodzi mwa nsapato zamasewera zija timagula pakaunjika, mwayi ulipo waukulu woti mupezapo mawu achingerezi onena kuti idapangidwa ku Vietnam. Mupezaponso nambala ya phazi, nambala ya fakitale, mwinanso mwezi ndi chaka chimene idasokedwa. Dzina la munthu lokha ndilo simulipeza. Nsapatoyo idadutsa m'manja ambirimbiri: wina adadula chikopa, wina adasoka, wina adapaka guluu, wina adalowetsa zingwe. Koma mwa onsewa palibe ndi mmodzi yemwe amene angailoze n'kunena kuti, "Iyi ndidapanga ndine."

M'dziko lomwelo la Vietnam, mumzinda wa Huế, mudatuluka nsapato ya mtundu wina. Kumwamba kwake n'kwachikopa, kopanda zokometsera zambiri. Kunsi kwake, kumene timati soli, ndi chipika cha mtengo chachitali bwino, ndipo pachipikacho mmisiri adazokota chinjoka chathunthu: mutu wake, ndevu zake, mamba ake limodzilimodzi, zikhadabo zake ndi mitambo imene chikupyozamo. Nsapato zoterezi zidatchuka m'zaka za m'ma 2010 ndi dzina loti Saigon Socialite. Adazibweretsa pamsika ndi a bungwe la Fashion4Freedom, lomwe adaliyambitsa ndi mayi LanVy Nguyen, mbadwa ya ku Vietnam yokulira ku America. Osema ake adali amisiri a luso losema mitanda, zitseko ndi maguwa a m'makachisi. Peyala imodzi inkatenga masiku ambiri kuti ithe, ndipo inkagulitsidwa madola mazana angapo kwa anthu andalama, makamaka a m'maiko akunja.

Ine ndaima kumbali ya nsapato yachiwiriyi, ndipo ndikunena poyera kuti amene amainyoza sadauganizire mlanduwu mofatsa. Komabe sindidaime kumbali ya aliyense amene amagulitsa katundu wotere. Nawonso ali ndi mafunso oti ayankhe, ndipo tiwafikira.

Tiyambe tadziwa kumene lusoli lidachokera. Huế udali likulu la mafumu a banja la Nguyễn kuyambira mu 1802, pomwe Gia Long adalowa ufumu, mpaka mu 1945, pomwe mfumu yomaliza, Bảo Đại, idatula pansi udindo. M'zaka 143 zimenezi mafumuwa adamanga linga lalikulu m'mbali mwa mtsinje wa Hương, ndipo m'kati mwake adamangamo nyumba zachifumu, zipata ndi makachisi okumbukira makolo awo. Denga la nyumba ya Thái Hòa, momwe mfumu inkalandirira nduna zake, lidagona pa nsanamira 80 za mtengo wolimba kwambiri wotchedwa lim, zopakidwa utoto wofiira ndi golide, zokongoletsedwa ndi zinjoka. Ntchito yotere siyogwira munthu wamba. Mafumu ankaitanitsa amisiri kuchokera kumidzi yodziwika ndi luso la matabwa, monga mudzi wa Kim Bồng kufupi ndi Hội An. Kumpoto kwa Huế kulinso mudzi wa Mỹ Xuyên umene udatchuka ndi kuzokota. M'midzi imeneyi mwana ankakula akumva kulira kwa nyundo ndi tchizulo, nayamba ndi kusesa zipalapala, kenaka kunola zipangizo, ndipo pakapita zaka m'pamene ankaloledwa kukhudza thabwa labwino. Amisiriwa ankamanga nyumba zotchedwa nhà rường, zimene mitanda yake imalumana yokha popanda msomali, ndipo ankasema mafano a m'kachisi kuchokera kumtengo wa zipatso zikuluzikulu umene iwo amati mít.

Ufumu utatha kudadza nkhondo. Nyumba zina zachifumu zidapsa mu 1947. Mu 1968 asilikali adamenyana mumzinda wa Huế kwa mwezi wathunthu, nyumba ndi nyumba, ndipo zambiri zimene zidatsala m'lingamo zidagumuka. Nkhondo itatha mu 1975 boma latsopano silidafulumire kukonza nyumba za mafumu amene lidawaona ngati opondereza anthu. Zinthu zidayamba kusintha pang'onopang'ono, ndipo mu 1993 bungwe la UNESCO lidaika zomangamanga za ku Huế pamndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi. Ntchito yokonzanso nyumbazi idapatsa amisiri ena chochita. Ena okha. Nyumba yachifumu ikakonzedwa yakonzedwa, siifunanso mmisiri mawa lake. Anthu wamba nawo adayamba kumanga nyumba zasimenti ndi zitsulo, ndipo kudabwera makina oyendetsedwa ndi kompyuta amene amazokota maluwa pathabwa m'maola ochepa, osatopa ndiponso osapempha malipiro.

Tsono taganizirani mwana wa mmisiri wotere. Bambo wake ali ndi luso limene lidakometsa mipando ya mafumu, koma pakhomo mpunga ukuperewera. Kummwera kwa dzikolo, kufupi ndi mzinda wa Ho Chi Minh, mafakitale a nsapato akulemba anthu ntchito. Kodi inu mukadakhala iyeyo mukadasankha chiyani?

Mbiri ya mafakitalewa njofunika kuidziwa. Mu 1986 boma la Vietnam lidayamba ndondomeko yotsekula chuma yotchedwa Đổi Mới. Mu 1994 dziko la America lidachotsa chiletso chochita malonda ndi Vietnam, ndipo chaka chotsatira kampani ya Nike idayamba kupangitsa nsapato zake kumeneko. Patangopita zaka ziwiri, mu 1997, lipoti la akatswiri a kampani ya Ernst & Young lidaululika ndipo nyuzipepala ya New York Times idalemba za lipotilo. Lidaonetsa kuti m'fakitale ya Tae Kwang Vina, imene inkapangira Nike nsapato, mpweya wa mankhwala a toluene, amene amapezeka m'guluu, m'malo ena udali wochuluka kuposa mlingo wololedwa ka 177. Ambiri mwa amene ankapuma mpweya umenewu adali atsikana achichepere ochokera kumidzi. Dziko litaipidwa nazo, mkulu wa Nike, Phil Knight, adalonjeza mu 1998 kuti zinthu zisintha, kuti mpweya wa m'mafakitale ukonzedwa ndipo ana osakwana zaka 18 salembedwanso ntchito yopanga nsapato. Kusintha kudachitikadi, ndipo malonda adakula. Pofika m'zaka za m'ma 2020 pafupifupi theka la nsapato zonse za Nike linkapangidwa ku Vietnam, ndipo dzikolo lidali lachiwiri, pambuyo pa China, potumiza nsapato kunja. Mu 2022 lidapeza madola oposa mabiliyoni 20 kuchokera kunsapato zokha.

Ndingakhale wabodza nditanena kuti mafakitalewa ndi temberero lokhalokha. Mu 1993 anthu 58 mwa anthu 100 alionse a ku Vietnam adali paumphawi. Chiwerengerochi chidatsika kwambiri, ndipo malipiro a m'mafakitale adathandizapo. Mtsikana amene amalandira ndalama yake mwezi ndi mwezi ali ndi ufulu umene agogo ake sadaulaweko. Koma tionenso mbali inayo. Kuyambira mu Julaye 2024 malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi boma m'mizinda ikuluikulu adali ndalama za kumeneko, zotchedwa dong, zokwana 4,960,000 pamwezi, zomwe ndi madola pafupifupi 200. Ku London kapena ku New York ilipo nsapato imodzi yamasewera yogulidwa ndi ndalama yoposa pamenepa. Ndipo ntchitoyo ili ngati mthunzi wa mtambo. Fakitale ya Pou Yuen mumzinda wa Ho Chi Minh, imene antchito ake zikwi makumimakumi adanyanyala ntchito mu 2015 pokana lamulo latsopano la ndalama za penshoni, idachotsa antchito zikwizikwi mu 2023 chifukwa maoda ochokera kunja adachepa. Munthu amene wakhala zaka khumi ndi zisanu akusoka mbali imodzi yokha ya nsapato, akachotsedwa amatuluka pachipata ndi chiyani? Nsapato yathunthu sadziwa kuipanga. Luso lake lidatsala m'makina a eni fakitale. Mmisiri wosema akasamuka amanyamula luso lake lonse m'thumba la zipangizo ndi m'zala zake.

Apa m'pamene nsapato yachinjoka ija ikulowera m'nkhani. Maganizo a amene adaiyambitsa adali osavuta kumva: ngati anthu sakumanganso nyumba zozokota, tiyeni tipeze chinthu china chimene anthu amagulabe, tiike lusolo pamenepo, mmisiri alandire malipiro oyenera luso lake ali kwao. Ndipo chinthu chimene anthu sadzasiya kugula ndi nsapato.

Oyamba kuipidwa ndi maganizo otere ndi anthu odzitcha osunga mwambo. Dandaulo lao lili ndi nzeru, choncho tisalipeputse. Chinjoka cha ku Vietnam sichili ngati chija timamva m'buku la Chivumbulutso, choimira Satana. Kwa iwo chinjoka ndi mwini madzi ndi mvula, chizindikiro cha mphamvu ndi madalitso. Mwina tingachiyerekeze pang'ono ndi Napolo, kungoti chao n'chokondedwa pomwe wathu ngoopedwa. Nthano ya chiyambi cha mtundu wao imati iwo ndi ana a chinjoka ndi mkazi wa kumizimu. Chinjoka n'choyamba mwa nyama zinayi zopatulika zimene zimazokotedwa m'makachisi. M'masiku a mafumu a Nguyễn chinjoka cha zikhadabo zisanu chidali cha mfumu yokha. Ndiye osunga mwambo amafunsa kuti, kodi chinthu cholemekezeka chotere n'choyenera kupondedwa ndi phazi, kuviikidwa m'matope, n'kuvinidwira m'nyumba zachisangalalo za alendo?

Yankho langa loyamba ndi lakuti chinjoka sichidayambe lero kukhala kuphazi. Nsapato zazitali zimene mafumu a Nguyễn ankavala pamiyambo ikuluikulu zidali zopetedwa ndi zinjoka ndi mitambo. Ngati chinjoka sichidadetsedwe kuphazi la mfumu, chidetsedwa bwanji kuphazi la munthu wina? Pokhapokha titanena kuti phazi la mfumu ndi loyera kuposa la mayi wamba, ndipo maganizo amenewo adatha mphamvu mu 1945. Nsapato yamtengo nayonso siyachilendo kumeneko. Anthu a ku Vietnam akhala akuvala nkhwaira zamtengo zotchedwa guốc mộc kwa zaka mazanamazana, ndipo akuluakulu a ku Huế amakumbukirabe kugogoda kwa nkhwairazi pamene atsikana a sukulu ya Đồng Khánh ankaweruka atavala madiresi ao aatali a áo dài. Mtengo kuphazi ngwakale, chinjoka kuphazi n'chakale. Chatsopano n'chakuti ziwirizi zakumana.

Malire alipo ndithu. Nkhope ya Buddha kapena zolemba za paguwa la makolo siziyenera kupita kunsi kwa nsapato, ndipo amisiri osema m'makachisi amadziwa malire amenewa kuposa mlendo aliyense. Oyenera kugamula ndi eni mwambo. Chondidabwitsa n'chakuti kawirikawiri olira mokweza pankhani zotere ndi anthu okhuta, amene amafuna kuti mmisiri akhalebe monga adamuonera pachithunzi: wosauka, wodekha, wosema mafano okhaokha, kuti iwo akabwera kudzacheza adzamjambule. Akamaliza kumjambula amakwera ndege, iye n'kutsala ndi ngongole ya fizi ya ana. Luso limakhala m'manja mwa munthu wamoyo, ndipo munthu wamoyo amadya. Nyumba yosungiramo zinthu zakale ingasunge chitseko chozokotedwa kwa zaka mazana asanu, koma singasunge dzanja limene lidachizokota. Dzanjalo likafa lisanaphunzitse lina, chitseko chija chimasanduka chiliza cha luso lakufa.

Ena amabwera ndi chitonzo cha mtundu wina. Iwo amati nsapato imeneyi ndi chidole cha anthu olemera. Ndani angalipire madola mazanamazana kugula nsapato imodzi? Mmisiri mwini wakeyo sangaigule, mkazi wake sangaivale. Ndipo kunena zoona, soli yamtengo siipindika. Munthu sangapite nayo kuchigayo kapena kuthamangira nayo basi. Kodi chilungamo chogulidwa ndi olemera okha n'chilungamo?

Ndikuvomera kuti njodula, ndikuvomeranso kuti ambirife sitidzaivala. Koma kodi luso limeneli lidayamba lagulidwapo ndi osauka? Amene adalipira nsanamira za nyumba ya Thái Hòa sadali alimi a mpunga ochita kufuna okha. Adali mafumu, ndipo nthawi zambiri amisiri ankaitanidwa mokakamizidwa. Luso lofuna masiku ambiri pachinthu chimodzi lakhala likudalira matumba akuya kuyambira kale. Kusiyana kwake n'kwakuti wogula wa lero sangatumize asilikali kukatenga mmisiri, ayenera kulipira. Ngati mayi wolemera wa ku Paris ali ndi ndalama yoti aononge pansapato, ine ndingakonde kuti ndalamayo ikathere kumudzi wa osema kusiyana n'kuti ikathere kulipira katswiri wa mpira woti aonekere pachikwangwani.

Funso lenileni siloti nsapato yosemayo yadula bwanji, funso ndi loti inzakeyo yatchipa bwanji. M'chinenero chathu mawu oti mtengo ali ndi matanthauzo awiri, wa kunkhalango ndi wa pamsika, ndipo pankhani ino onse awiri akugwira ntchito. Chinthu chikatchipa mopitirira muyeso ndiye kuti wina walipira mbali yotsalayo. Mwina ndi mtsikana uja wopuma mpweya wa guluu. Mwina ndi mtsinje umene walandira madzi oipa a pofufutira zikopa. Dziko lapansi limapanga mapeyala a nsapato oposa mabiliyoni 20 chaka chilichonse, ndipo zambiri mwa nsapatozi n'zophatikiza pulasitiki, labala, nsalu ndi guluu mwakuti n'kovuta kuzilekanitsa kuti zigwirenso ntchito ina. Zikatopetsa eni ake oyamba zimamangidwa m'mabelo, zina n'kudzatsikira pamisika yathu, ndipo zikang'ambika komaliza zimakathera kudzala kapena m'ngalande, kumene sizivunda. Nsapato yamtengo ndi chikopa, yopangidwa ndi manja, imakonzeka ikaonongeka, ndipo munthu amene wailipira ndalama zambiri saitaya chifukwa choti fasho yasintha.

Wina anganene kuti amisiri ochepa a ku Huế sangalembe ntchito anthu oposa miliyoni amene amadalira mafakitale a nsapato. N'zoona, ndipo palibe wanzeru amene adanenapo kuti angatero. Nsapato yosema siidzatseka fakitale ngakhale imodzi. Ntchito yake njina: imaonetsa kuti n'zotheka kudziwa amene adapanga chinthu, kudziwa masiku amene adatha ndi ndalama imene adalandira. Zimenezi zikadziwika pansapato imodzi, wogula amayamba kufunsa za nsapato zinazo. Kumbukirani kuti kusintha kwa mu 1998 sikudabwere chifukwa cha kukoma mtima kwa eni makampani. Kudabwera chifukwa ogula, ambiri mwa iwo ophunzira a m'makoleji a ku America, adayamba kufunsa mafunso ochititsa manyazi.

Tsopano nditembenukire kwa ogulitsa, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. M'zaka zapitazi mawu achingerezi oti ethical, otanthauza kuti chinthu chapangidwa mwachilungamo, asanduka nyambo. Amalembedwa pamabokosi, pazikwangwani ndi pa intaneti, pambali pa chithunzi cha nkhalamba yomwetulira itagwira tchizulo. Mawuwa ngaulere, aliyense angathe kuwasindikiza, ndipo palibe wapolisi amene angamgwire. Wamalonda wochenjera angathe kugula soli zozokotedwa ndi makina, kulemba mnyamata mmodzi woti azipalepale pang'ono ndi sandipepala, n'kumalengeza kuti n'zopangidwa ndi manja. Angathenso kulipira mmisiri weniweni ndalama yogulira mbale ya mpunga, iye n'kugulitsa ntchitoyo kuwirikiza makumi angapo, uku akudzitama kuti akupulumutsa chikhalidwe. Wotereyu ngoipa kuposa mwini fakitale, chifukwa mwini fakitale sanamizira kuti ndi mpulumutsi.

Nkhani ya mtengo wa kunkhalango ndiyo yovuta koposa. Mu 1943 nkhalango zidakuta magawo 43 mwa magawo 100 a dziko la Vietnam. Pofika mu 1990 zidatsika kufika pafupifupi magawo 28, chifukwa cha kudula mitengo, kutsekula minda, ndi mankhwala oyoyola masamba amene asilikali a America adapopera pakati pa 1961 ndi 1971. Chiwerengerochi chidakweranso kupitirira magawo 40, koma mbali yaikulu ya kukwerako ndi mitengo yobzala yokula msanga, osati mitengo ikuluikulu yakale ija. Mu 2016 boma lidalamula kuti kudula mitengo m'nkhalango zachilengedwe kuthe. Nanga midzi yopanga mipando ndi ziboliboli idaleka kufuna matabwa olimba? Ayi. Matabwa ambiri akhala akuchokera ku Laos, ku Cambodia ndi kumaiko a muno mu Africa monga Cameroon, ena mwa njira zokayikitsa. N'chifukwa chake mu 2018 Vietnam idasaina pangano ndi bungwe la maiko a ku Ulaya lolonjeza kuti matabwa ake onse azikhala odulidwa movomerezeka. Choncho chinjoka chokongola chingathe kuzokotedwa pamtengo wobedwa m'nkhalango ya anthu ena osauka, ndipo pamenepo chilungamo chochitira mmisiri chasanduka nkhanza kwa mwini nkhalango. A Saigon Socialite ankanena kuti amagwiritsa ntchito zidutswa zotsala za matabwa ndi zikopa. Imeneyo ndiyo njira yoyenera, popeza soli ya nsapato siifuna thabwa lalikulu. Koma wogula asakhutire ndi kuuzidwa. Safunsa adadya phula.

Pano ndisapite patali osatchula zathu, chifukwa vuto lake ndi lofanana. Aliyense amene adaimapo pamsika wa ziboliboli adaona mmene timanenerera. Mmisiri watha sabata akusema mtengo wa phingo, wolimba ngati mwala, ndipo ife timamuuza kuti, "Tsitsaniko, ndi kamtengo chabe aka." Tikatero timapita m'sitolo n'kulipira osanenerera chinthu chapulasitiki chochokera kunja. Ku Mua, malo a KuNgoni amene adayamba mu 1976 motsogozedwa ndi bambo Claude Boucher adaonetsa kuti osema athu akapatsidwa ulemu ndi msika amatulutsa ntchito yogometsa dziko. Komabe ndi angati mwa inu ophunzira amene munganene pamaso pa anzanu, osachita manyazi, kuti mukufuna kudzakhala osema? Tidaphunzitsidwa kuti ntchito yamanja ndi ya olephera mayeso. Mnyamata wa ku Mỹ Xuyên amamva mawu omwewo m'chinenero chake, ndipo nthawi zina mawuwo ndiwo amamkweza basi yopita kufakitale, njala isanamkweze.

Nanga wogula angadziwe bwanji kuti mawu aja a pabokosi ngoona? Afunse dzina la mmisiri ndi mudzi wake. Wolemba buku amalembedwa dzina pachikuto, woimba amatchulidwa pawailesi. N'chifukwa chiyani wozokota chinjoka azingotchedwa "mmisiri wa kumudzi" pamene dzina la wogulitsa lalembedwa ndi zilembo zagolide? Afunse kuti pamadola amene walipira, angati adafika m'manja mwa wosema, ndipo ndani adaika mtengowo: mmisiri mwini wake kapena wodzagula? Afunsenso ngati ntchitoyo imabwera chaka chonse kapena imangobwera pamene nyuzipepala zakunja zikulemba za nsapatoyo. Fasho ndi mlendo wosakhalitsa. Mmisiri amene wasiya makasitomala ake akale a maguwa ndi mipando chifukwa cha oda yaikulu ya chaka chimodzi angathe kutsala manja ali m'khosi chaka chinacho, ndipo wogulitsa woona mtima ayenera kumuuza zimenezi poyambirira.

Koma umboni woposa wonse uli pambali pa mmisiriyo. Kodi pali mnyamata kapena mtsikana amene wakhala pamenepo akuphunzira? Malonda onsewa amadzilungamitsa ponena kuti akupulumutsa luso la makolo. Luso silipulumuka chifukwa nkhalamba imodzi yapeza ndalama m'zaka zake zomaliza. Limapulumuka pamene wachinyamata waona kuti angathe kukwatira, kumanga nyumba ndi kuphunzitsa ana ake ndi tchizulo. Ndipo kuphunzira kuzokota kumatenga zaka. M'zaka zimenezo wophunzirayo satulutsa chogulitsika. Amathyola ndevu za chinjoka, amagoba mopitirira, amabunthitsa zipangizo, ndipo mphunzitsi wake amataya maola amene akadasema soli zina. Matabwa amene wophunzirayo adzaononge, ndi mpunga umene adzadye m'zaka zimenezo, ziyenera kulowa mumtengo wa nsapato. Wogulitsa amene sangathe kutionetsa pamene zalowera achotse mawu aja pabokosi lake.